Wezulo ya Loweruka lija

Wokondedwa mnzanga,

Chithunzi chija ndachilandira. Mwana wako wamkulu atavala zakuda, wezulo pakhosi, kansalu kachikasu pamkono, nkhope atalimbitsa ngati wapolisi wa pamsewu. Ndinaseka ndekha m'minibasi mpaka amayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anayamba kundiyang'ana cham'mbali. Mwana yemwe uja ndidamunyamula pa Chileka akulira tsiku limene munkanyamuka, lero ndi refa ku Leeds, ku England! Alamu akuti bwanji ndi zimenezi? Uwapatse moni kwambiri. Kuno tili bwino ndithu, kungoti dzuwa la Okutobala latiphika, ndipo fumbi la pabwalo likumatilowa mpaka m'mano.

Ndati ulendo uno ndikulembere kalata yeniyeni m'malo mwa timauthenga ta pa WhatsApp, chifukwa chithunzicho chinandipeza ndili ndi nkhani ya refa pamtima, ndipo yanga si yoseketsa.

Ukudziwa kuti ndikuphunzitsabe anyamata osapitirira zaka 15 pabwalo la sukulu lija tinkasupukirapo zala za kumapazi. Silinasinthe. Golo la kumunsi likadali pamtsetse, mizere timathira phulusa laimu akasowa, ndipo ukonde timangomva kwa anzathu. Masabata atatu apitawo tinali ndi semi fayinolo ya chikho china cha m'dera lathu lino, chimodzi mwa zikho zija zimabwera ndi munthu wofuna kuti dzina lake limveke. Mphoto yake inali yunifolomu, mipira iwiri ndi kandalama pang'ono. Kwa iwe n'zochepa, koma anyamata anga sankagona nazo tulo.

Refa anafika mochedwa pa kabaza. Bambo wa zaka za m'ma 40, wamfupi, wojintcha. Wotchi analibe, nthawi ankaonera pa foni imene anaiika m'thumba la kabudula. Onyamula mbendera tinachita monga mwa nthawi zonse, timu iliyonse kupereka munthu wake, wina kugwira malaya, wina kanthambi ka bulugamu. Ndalama yake tinasonkha K4,000 timu iliyonse n'kumupatsa masewero asanayambe. Kenako ndinaona mkulu wina wa timu inayo akumukokera kuseri kwa kalasi, ndipo potuluka refa anali ndi botolo la chakumwa chozizira m'manja. Zimene anakambirana kumeneko sindinazimve, ndipo sindikufuna kumunamizira munthu. Vuto n'loti anyamata anga nawonso anaona.

Chigawo choyamba chinatha bwinobwino, opanda chigoli. M'chigawo chachiwiri womwetsa zigoli wathu anathamanga ndi mpira, wotchinga kumbuyo wa anzathuwo n'kumutchera mwendo chakumbuyo, mwana n'kugwa chafufumimba. Wezulo sinalire. Patapita mphindi zochepa zinachitikanso chimodzimodzi, pamalo omwewo. Wezulo zii.

Tsono ndikuuze za kaputeni wanga. Ndi mnyamata wa zaka 14, wofatsa mpaka nthawi zina amandikwiyitsa. Amakhala ndi agogo ake, m'mawa uliwonse amayamba wakasiya zitumbuwa pamsika asanapite kusukulu. Mayi ake adamwalira zaka ziwiri zapitazo, maliro ake ndidakagona nawo. Ineyo ndi amene ndidamuphunzitsa kuti pabwalo wolankhula ndi refa ndi kaputeni yekha, ndipo popita kukalankhula aziika manja kumbuyo. Ndinkanyadira kuti timu yanga idayamba kutero kalekale, a ku Ulaya asanazikhazikitse pa chikho chawo cha Euro 2024.

Mwanayo anachita ndendende zimene ndidamuuza. Anapita manja ali kumbuyo, nati, “Akulu, mnzanga amupondanso, simunaone?” Ndinali pafupi, ndinamva chilichonse. Refa anatembenuka nati, “Unabadwa liti iwe kuti uzindiphunzitsa mpira? Galu iwe.” Akanalekera pomwepo bwenzi ndisakulemba kalata ino. Koma anapitiriza n'kutukwana mayi a mwanayo, kutukwana kuja sindingakulembe papepala. Mnyamata anangoti, “Amayi anga musawatchule.” Mawu ake ananjenjemera. Refa anamuwomba mbama, phaa, mpaka amayi ogulitsa mafilizesi kuseri kwa golo anaimva.

Bwalo lonse linati zii. Kenako mwana uja anatulutsa manja kumbuyo kuja n'kumukankha refa pachifuwa. Bambo anagwa chagada m'fumbi, foni ikugwera uko. Anthu anayamba ndi kuseka, koma kuseka kwa pabwalo umakudziwa, sikuchedwa kusanduka zina. Refa anadzuka, napisa m'thumba n'kutulutsa khadi yofiira. Ndinaiona bwino khadiyo, inali yodula ku katoni ya sopo, mbali inayo zilembo zikuonekabe.

Apa ndiye pamene ndikufuna undimvetse, chifukwa sindinauzepo munthu wina. Ndinathamangira m'bwalo, ndipo sindinkapita kukaleretsa. Ndinkapita kukamumenya bamboyo. Chimene chinandiimitsa si nzeru kapena kupemphera, koma goloboyi wanga. Nditacheuka ndinamuona akubwera pambuyo panga, mwana wa zaka 13, theka la njerwa lili m'manja, ndipo ena awiri akuwerama kutola miyala. Anaona aphunzitsi awo akuthamanga ndi nkhope imeneyo, basi iwo n'kumva kuti chilolezo chaperekedwa. Ndinasintha njira ndili pa liwiro lomwelo, n'kukaima kutsogolo kwa refa, msana wanga uli kwa iye, manja nditatambasula, ndikukuwa kuti aliyense ataye chimene wanyamula. Anthu mpaka lero akundiyamikira kuti ndinapulumutsa munthu. Ndimangogwedeza mutu, mumtima manyazi ali tho. Amayi a mafilizesi aja ndiwo anamuzungulira n'kumuperekeza mpaka m'kagolosale ka tsidya la msewu, mwini wake n'kutseka chitseko.

Usiku umenewo ndinakumbukira nkhani ya ku Netherlands ya mu Disembala 2012. Richard Nieuwenhuizen, bambo wa zaka 41, ankangonyamula mbendera mongothandiza pa masewero a achinyamata ku Almere, mwana wake yemwe akusewera nawo. Masewero atatha anyamata a timu inayo, a zaka 15 ndi 16, adamugwetsa n'kumamuponda, ndipo mawa lake adamwalira. Ana ngati anga omwewa. Njerwa ija ikanachoka m'manja mwa goloboyi wanga, lero bwenzi ndikukulembera za kupolisi ndi kukhoti.

Lachitatu lake komiti ya chikho inatiitana. Tinakhala pamabenchi pansi pa mtengo wa mango. Lipoti linali limodzi lokha, lolemba refa yemweyo, ndipo linkanena kuti wosewera nambala 6 anamenya woyimbira popanda chifukwa. Za mbama munalibe, za kutukwana munalibe. Ndinafotokoza zonse monga ndakufotokozera iwe. Wapampando anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako nati, “Aphunzitsi, zonsezo tamva, koma mwana samenya wamkulu.” Ndinati, nanga wamkulu amamenya mwana wa eni? Iye anati lamulo la mpira likuti chigamulo cha refa n'chomaliza.

Mawu amenewa amandipsetsa mtima chifukwa ndi theka la choonadi. Lamulo lachisanu m'buku la malamulo a mpira limanenadi kuti zigamulo za refa n'zomaliza, koma limanena za zochitika m'masewero: kaya chigoli chalowa kapena ayi, kaya masewero atha bwanji. Akakana penate yoonekeratu, timameza mate n'kupitiriza. Palibe paliponse pamene bukulo limapatsa refa dzanja la pa tsaya la mwana. Zida zake ndi wezulo, makhadi awiri ndi lipoti. Makhadiwo adabwera pa World Cup ya 1970 ku Mexico, nzeru ya refa wa ku England Ken Aston, kuti wosewera adziwe chilango chake ngakhale iye ndi refa sakumvana chilankhulo. Ndiye kuti refa angathe kulanga munthu osatsegula n'komwe pakamwa. Ndipo kunja kwa mpira, kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Munthu wamkulu akamenya mwana wa mnzake pamsika amatengeredwa kupolisi. Pabwalo la mpira pokha ndiye pakhale chilumba?

Komiti ija inagamula kuti masewero apite kwa anzathuwo, kaputeni wanga asasewere chikho chilichonse cha m'derali kwa chaka chathunthu. Refa sanamutchule n'komwe. Fayinolo anayimbira yemweyo. Kokadandaula kunalibe, chifukwa zikho zoterezi sizili pansi pa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, kapena bungwe la masewero a m'sukulu, mwini chikho ndi komiti yake ndiwo poyambira ndi pothera. Ndinapita kwa agogo a mwanayo kukawafunsa ngati angalole kuti tikanene kupolisi. Anakana. Anati, “Aphunzitsi, ife ndife ochepa, musatiyambitsire milandu. Mwanayu angosiya mpirawo.”

Kuti anakankha refa n'kulakwa, ndipo ndinamuuza pamaso. Chilango ndikanachivomera ndi manja awiri chikanagwera onse awiri. Chimene chikundiwawa n'chimene anyamata 18 aja anaphunzira tsiku limenelo. Anaona mnzawo wofatsa kuposa onse akuchita zimene aphunzitsi adanena, manja kumbuyo, mawu aulemu, n'kulandira mbama. Lolemba lotsatira mmodzi anandifunsa kuti, “Ndiye manja kumbuyo aja amathandiza chiyani, kochi?” Ndinayankha zinazake, koma ngakhale ine sindinakhutire nazo.

Ana amakhululuka refa akaphonya, zimenezo ndaziona kambirimbiri. Amadandaula mphindi ziwiri, mawa aiwala. Ngakhale akuluakulu enieni amaphonya. Ukukumbukira Janny Sikazwe wa ku Zambia, munthu woti adayimbirapo World Cup ya 2018, mmene adathetsera masewero a Tunisia ndi Mali pa 12 Januwale 2022? Adaliza wezulo yomaliza pa mphindi 85, atamuuza n'kuyambitsanso, kenako n'kuthetsanso mphindi 90 zisanakwane. Zidachitikira ku Limbe wa ku Cameroon, ndipo kuno tidaseka kuti mwina ankathamangira minibasi ya ku Bangwe. Pambuyo pake zidamveka kuti kutentha kudamusokoneza mutu mpaka adapita naye kuchipatala. Kumeneko n'kulakwitsa kwa munthu. Koma kunyoza mwana, kumutukwanira mayi ake, kumuonetsa kuti iye si kanthu, zimenezo mwana amakula nazo.

Ndipo tisadziyeretse, ife akuluakulu ndi amene timathirira mbewu imeneyi. Patangopita masiku asanu ndi limodzi chichitikire za Sikazwe, Flames idakumana ndi Senegal ku Bafoussam, ku Cameroon komweko, refa n'kutipatsa penate, kenako atakaoneranso pa kanema wothandiza oyimbira wa VAR n'kuibweza. Masewero adatha 0-0. Ndidaonera m'kanyumba koonetsa mpira kodzaza ndi ana, ndipo mawu amene abambo tidatulutsa usiku umenewo, ine ndemwe ndili m'gulu, sakusiyana kwenikweni ndi amene refa uja ananena kwa kaputeni wanga. Mawu oti “refa wagulidwa” mwana wa kuno amawadziwa asanadziwe ofusayidi. Choipa n'choti nthawi zina amakhala oona. Mu 2017 oyimbira anayi adalengezedwa kuti aletsedwa moyo wawo wonse chifukwa cha masewero a chikho a Nchalo United ndi Chitipa United. Ndalama yake akuti inali ngati madola 20 okha, anthu anayi kugawana, ndipo nkhani idaululika chifukwa amene ankanenedwa kuti adapereka adagonjabe pa mapenate n'kuyamba kuitanitsa ndalama yawo. Tidaseka mpaka misozi, koma chichokereni apo botolo lililonse la chakumwa loperekedwa kuseri kwa kalasi limaoneka ngati chiphuphu.

Sabata yatha ndinakumana naye refa uja, mwangozi, pogulitsira makala. Ndinafuna kumulambalala koma iye ndi amene anandipatsa moni. Tinaima pambali n'kucheza mwina theka la ola. Ndi mlonda wa usiku. Wezulo imene amayimbira mpira ndi ya kuntchito yomweyo, yoitanira anzake akaona akuba. Maphunziro a uyimbiri sanapiteko ngakhale tsiku limodzi, adayamba chifukwa tsiku lina refa sadabwere ndipo iye yekha ndiye anali ndi wezulo m'thumba. Loweruka lija anabwera pabwalo atangoweruka, osagona. Anandionetsa chipsera pamwamba pa diso, akuti adamugenda pa bonanza ina zaka zitatu zapitazo, ndipo kuchipatala adadzilipirira yekha. Kenako anati, “Aphunzitsi, ana a masiku ano ukapanda kuwaopseza amakudya wamoyo.” Ndinamuuza kuti mayi a mwana uja adamwalira. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana thumba la makala, kenako anangoti, “Sindimadziwa.” Kupepesa sanapepese. Ine sindinamukhululukire, koma chidani chimene ndinali nacho chinachita ngati chaphwa mpweya, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndikusangalala nazo zimenezo.

Pobwerera kunyumba ndinakumbukira aphunzitsi athu a masewero aja, ukuwadziwa, amene ankayimbira mpira wa makalasi atanyamula kandodo. Ukangoti “koma sala” kandodo kali m'miyendo. Iwe udalandirapo kawiri tsiku limodzi, ndipo tinkaseka pobwerera ngati nkhani yabwino. Tidakula tikudziwa kuti wogwira wezulo amamenya. Mlonda uja naye adakulira pabwalo ngati lomwelo. Komanso ndiulule tchimo langa lina: chaka chatha pa masewero opimana mphamvu refa sanabwere, ndinayimbira ndine, timu yanga ikutsalira ndi chigoli chimodzi. Ndinawonjezera nthawi mpaka tinabweza. Mphindi 11. Anyamata anga anadziwa, a timu inayo anadziwa, ndipo pobwerera ankandiimbira nyimbo ngati ngwazi.

Zimene unandiuza za kwanuko zandipatsa maganizo. Zoti mwana angayambe maphunziro a uyimbiri ali ndi zaka 14, zoti kansalu kachikasu kaja kamauza makolo kuti refayu naye ndi mwana, zoti wosewera wolalatira refa amakhazikidwa panja mphindi 8 kuti mtima utsike kenako n'kubwereranso. Yomalizayi ndaikonda kwambiri, chifukwa kuno chilango chilibe pakati, n'kungonyalanyaza kapena kuthamangitsa chaka chonse. Komabe ngati mpaka adafika poyesa kuveka oyimbira timakamera pachifuwa mu 2023, ndiye kuti makolo a kumeneko nawo si angelo. Usamusiye yekha mwanayo masewero ake oyambirira. Uziima pafupi ndi mzere, osalankhula kanthu, angodziwa kuti bambo ake alipo. Ndipo umuuze mawu awa ochokera kwa amalume ake a kuno: akapanda kuona chinthu, anene kuti sindinaone. Osewera amakwiya ndi yankho limenelo koma samuda nalo munthu. Dzanja lake lisakhudze mwana wa munthu, ndipo pakamwa pake pasatuluke dzina la kholo la wina. Umuuzenso kuti kwawo kuno kudachokera Bernadettar Kwimbira, mayi amene adanyamula mbendera pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi 2019, asamaganize kuti kuno n'kwa makhadi a katoni ya sopo okhaokha.

Kaputeni wanga anakhala masabata awiri osaponda pabwalo. Ndinkamuona patali atakhala pachulu chija cha kumtunda, akuonerera anzake. Lachinayi lapitali ndinamuitana. Ndinamuuza kuti komiti inamuletsa kusewera koma sinamuletse kuyimbira, ndiye ndinamupatsa wezulo yanga kuti ayimbire tiana tosapitirira zaka 12 timene timasewera tisanayambe ife. Anakana kawiri, kachitatu anailandira. Ankathamanga bwino, ankaima pamalo oyenera, zinthu zoti sindinamuphunzitsepo. Chakumapeto anakana chigoli china chifukwa mpira unali utatuluka kale. Kamwana kena ka zaka mwina 9, kopanda nsapato, mamina ali mbwee, kanaima patsogolo pake manja m'chiuno n'kukuwa kuti, “Refa wagulidwa!” Mnyamata anaima, wezulo ili pakamwa, n'kucheukira kwa ine. Ine ndinayang'ana kumbali dala. Nditabweza maso ndinamuona atagwada bondo limodzi, akukalozera kamwanako pamene mpira unatulukira. Kamwanako sikanavomere, kanachoka kakung'ung'udza, koma masewero anapitirira.

Tsopano ndaganiza kuti aliyense wa timu yanga aziyimbira tianato mosinthana, Lachinayi lililonse mmodzi, kuyambira ndi goloboyi wa njerwa uja. Ndafunsanso kwa anthu a mpira a m'boma lathu lino kuti maphunziro a oyimbira ongoyamba kumene akadzapezeka andiuze, ndikufuna kutumizako anyamata awiri. Ndaganizanso za mlonda uja, koma sindikudziwa ngati ndili ndi mtima wokamuuza.

Ndiye pempho langa ndi ili. Unanena kuti mlongo wa alamu akubwera mu Disembala. Ngati m'chikwama mwake mungapezeke kamalo, unditumizireko mawezulo anayi, makhadi enieni awiriawiri, ndi wotchi imodzi yotchipa yoimitsa nthawi. Mabutsi usavutike nawo ulendo uno. Ndipo mwana wako akakhala ndi kabuku ka malamulo kamene wamaliza nako, ngakhale kong'ambika, akaike momwemo. Kanga n'ka 2016 ndipo masamba a ofusayidi adadyedwa ndi chiswe.

Moni kwa onse kumeneko. Amayi ako ndinawaona Lamulungu kutchalitchi, ali bwino, akungodandaula mawondo ndi kuti suyimba foni.

Ndine mnzako wa pabwalo la mtsetse.